Kuzindikira nyumba za mdadada za nthawi ya Victoria ku England: yambirani pamsewu, mukathere kuseri

Kaya muli ku London, Manchester, Leeds, Birmingham, Liverpool, ngakhale ku Cardiff ku Wales, pali nyumba zina zoti simungaziphonye olo mutafuna. Mzere wautali wa nyumba za njerwa zogundizana, khoma limodzi mabanja awiri, zitseko zotsatizana, machumuni ali ndandanda pamwamba mpaka kumapeto kwa msewu. Zambiri zinamangidwa nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, pomwe anthu ankakhamukira m'matauni kukagwira ntchito m'mafakitale, ndipo mpaka lero anthu akugonamo, kuchita lendi, kugula ndi kugulitsa. Ndiye kaya mukufuna kulowamo, kaya mwagula kale ndipo manja akuyabwa kuti muyambe kugumula, pali kayang'anidwe kake. Chachikulu choti musunge m'mutu nchakuti nyumba izi anazimanga kuti mphepo izidutsa ndipo chinyontho chizituluka chokha, ndiye mavuto ambiri omwe mungapezemo sanabwere ndi omanga aja ayi, anabwera ndi anthu okonza amene anatseka paliponse.

Musathamangire kugogoda. Imani kaye tsidya lina la msewu muyang'ane mzere wonse, ndipo yambani ndi dzina la msewuwo chifukwa nthawi zambiri limaulula zaka. Alma ndi Inkerman ndi malo amene kunamenyedwa nkhondo ya ku Crimea mu 1854, ndiye msewu wa dzina limeneli kawirikawiri unabwera nkhondoyo itangotha kumene. Mafeking ndi Ladysmith ndi mayina a nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902. Msewu wotchedwa Jubilee ndi wa 1887 kapena 1897, pomwe ankakondwerera kuti Victoria wakwanitsa zaka 50 ndi 60 pa ufumu. Si lamulo, koma zimathandiza. Kenako kwezani maso, pakati pa mzere nthawi zina pamakhala kamwala kolembedwa chaka ndi dzina la mdadadawo. Ngati mukufuna umboni weniweni, mapu akale a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, ali pa intaneti, National Library of Scotland inawaika aulere, mumangofananiza mapu awiri a zaka zosiyana, pena pali munda, pena pali nyumba, basi mwadziwa.

Mukayang'anitsitsa muona kuti mzere umene umaoneka ngati umodzi uja si umodzi. Nyumba zingapo zili ndi maluwa osema pamwamba pa windo, zotsatira zilibe, njerwa zasintha mtundu pang'ono, denga lakwera pang'ono. Nchifukwa choti ambiri omanga anali amisiri ang'onoang'ono ochita bizinesi, amatenga mapuloti ochepa, kumanga, kugulitsa kapena kuchititsa lendi, ndalama ikapezeka nkupitiriza, ikapanda kupezeka wina nkutenga malowo. Zokongoletsa zija samasema okha, amagula zopangapanga kuchokera m'makatalogu. Ndiye musamatengeke kwambiri ndi kukongola kwa kumaso, munthu yemweyo amatha kuika njerwa zabwino kumaso nkuika zotsika mtengo kuseri ndi m'makoma a pakati.

Msewu ukakhala wotakata, wowongoka, nyumba zofanana ngati zadindidwa, kuseri kuli kanjira, dziwani kuti mwina ndi za pambuyo pa 1875. Chaka chimenecho kunabwera lamulo la zaumoyo, Public Health Act, lomwe linapatsa makhansolo mphamvu zoika malamulo a kamangidwe, ndipo mu 1877 boma linatulutsa malamulo achitsanzo onena kuti msewu ukhale wotakata mafiti 36, pafupifupi mamita 11, komanso nyumba iliyonse ikhale ndi kabwalo kuseri. Zisanachitike zimenezi anthu amangounjikidwa, kolera ndi taifodi zinali kupha anthu osati masewera.

Tsopano yandikirani khoma, apa ndi pomwe pali nkhani. Mtundu wa njerwa umatengera dera: ku London zambiri nzachikasu, kumpoto ndi ku Midlands, chigawo cha pakati pa England, nzofiira, ku Lancashire kuli zolimba kwambiri za ku Accrington, ndipo m'munsi mwa khoma nthawi zina mumapeza zabuluu za ku Staffordshire zomwe sizimwa madzi. Ku Bradford ndi mbali zambiri za West Yorkshire ndi miyala, monga ku Saltaire, mudzi womwe Titus Salt, mwini fakitale ya nsalu, anamangira antchito ake kuyambira m'ma 1850. Mukaona khoma lakuda bii musaganize kuti ndi mtundu wa njerwa, ndi mwaye wa malasha wa zaka zambirimbiri, utsi uja unayamba kuchepa lamulo la mpweya wabwino la 1956 litabwera.

Koma chofunika kuposa mtundu ndi kayalidwe. Yang'anani mzere umodzi wa njerwa. Ngati mukuona yaitali, kenako yaifupi, yaitali, yaifupi, yaifupiyo si yoduka ayi, ndi njerwa yathunthu yomwe yagona chopingasa kulowa mkati kuti imange mizere iwiri pamodzi. Zimenezi zikutanthauza kuti khomalo ndi lopanda mpata pakati, lokhuthala mainchesi 9, pafupifupi masentimita 23. Ngati zonse zili zazitali zokhazokha, mwina khomalo lili ndi mpata pakati, kutanthauza kuti ndi la pambuyo pake kapena linamangidwanso. Nkofunika kudziwa chifukwa khoma lopanda mpata limamwa mvula kenako nkuuma, limamwa nkuuma, ndi momwe limagwirira ntchito, ndiye chilichonse chomwe chingaliletse kuuma ndi mdani wake.

Tengani kiyi mukande pang'ono pakati pa njerwa. Ngati zikufumbutuka ngati mchenga woyererako, tinthu toyera tikuoneka mkati, imeneyo ndi laimu, ndipo ndi zabwino, musachite mantha. Ngati ndi zolimba gwa, zotuwa, kiyi ikungoterereka, wina anamata simenti. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakalezi, madzi akalowa satulukiranso m'mizere muja, amatulukira m'njerwa momwemo, ndiye nthawi yozizira madziwo akaundana nkhope ya njerwa imasweka nkugwa, mumapeza mizere ya simenti ili chiimire koma njerwa zadyeka zalowa mkati. Zili ngati kuvala jekete la pulasitiki tsiku lotentha, thukuta lilibe kothawira. Chimodzimodzi penti wonyezimira pa njerwa, kapena pulasitala wa simenti khoma lonse. Mmisiri akakuuzani kuti laimu ndi zachikale, simenti ndiye yolimba, mufunseni kuti nanga khomali lakhala bwanji zaka zoposa 120 popanda simenti yakeyo.

Mawindo nawo amanena zaka. Akale enieni ndi athabwa, okwera ndi kutsika, osati otsegukira kunja. Akakhala ndi timagalasi tating'ono tambiri, 6 pamwamba 6 pansi, ndi kamangidwe ka nthawi ya Victoria isanafike kapena koyambirira kwenikweni. Msonkho wa galasi unachotsedwa mu 1845, wa njerwa mu 1850, wa mawindo mu 1851, ndipo mafakitale anayamba kupanga magalasi akuluakulu motchipa, ndiye mawindo anasintha kukhala magalasi awiri pamwamba awiri pansi, kenako limodzi limodzi. Galasi lalikulu ndi lolemera, nchifukwa chake pa ngodya za m'munsi za felemu ya pamwamba mumaona timatabwa totsikira pansi ngati tinyanga, n'tolimbitsa polumikizira. Mkati mwa felemu m'mbalimo muli zitsulo zolemera zomangidwa ku chingwe chodutsa pa kawilo, ndi zomwe zimagwira windo kuti lisagwe mukalikweza. Windo likamakana kukwera kapena likamagwa lokha, kawirikawiri ndi chingwe chaduka kapena penti waunjikana, ndi ntchito yaing'ono. Ine ndimamva chisoni ndikaona anthu akutaya mawindo otere nkuika apulasitiki, chifukwa thabwa lakalelo ndi labwino kuposa lambiri la masiku ano, pomwe pawola amadula nkulumikiza china, nkuika timaburashi totseka mphepo m'mbali, basi.

Windo lotulukira kunja lija, la mbali zitatu, linafala kwambiri kuyambira cha m'ma 1870. Linali la kuwala, komanso linali lodzionetsera kuti ife si anthu wamba. Koma liyang'aneni bwino polumikizana ndi khoma lalikulu, maziko ake amakhala osaya kuposa a nyumba, ndiye limakonda kupatuka, mng'alu nkuyamba pamwamba. Maziko a nyumba zimenezi ndi osaya kale, ndipo ku London dothi lake ndi dongo lomwe limafufuma kukagwa mvula nkunyala kukauma, makamaka ngati pafupi pali mtengo waukulu. Ting'alu tating'ono takale si nkhani. Mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotakata pamwamba, woti ndalama yachitsulo ikulowa, umenewo itanani katswiri.

Denga lenileni ndi la masileti, miyala yopyapyala yosalala ija, ambiri ochokera kumpoto kwa Wales, ku migodi ngati Penrhyn ndi Dinorwic, ndipo anafika paliponse chifukwa cha sitima zapamtunda. Mukaona matailosi a konkire dziwani kuti wina anasintha, ndipo apa samalani, konkire ndi yolemera kuposa sileti, ngati sanawonjezere matabwa mkati denga limayamba kubwata pakati nkumakankha makoma. Nyumba zina za ku London zoyambirira mukaima pamsewu denga simuliona nkomwe, khoma langokwera nkuthera mowongoka. Kuseri kwa khomalo denga limakhala lotsetserekera pakati, madzi onse amasonkhana mu ngalande imodzi yodutsa pamwamba pa zipinda, ndiye ikatsekeka ndi masamba madziwo amatsikira pa bedi. Muzikafunsa kuti anaikonza liti.

Musanalowe yang'anani pansi. Kanjira ka timatailosi takuda ndi toyera, kapena tofiira ndi takuda, kachitsulo kopalira matope m'mbali mwa chitseko, pena chivindikiro chachitsulo chozungulira pomwe amathirirapo malasha kuti agwere m'chipinda cha pansi. Koma chomwe ndikufuna muone ndi njerwa zobowola zomwe zili m'munsi mwa khoma, zina nzachitsulo. Pansi pa nyumbayi si konkire, ndi matabwa oyalidwa pa mitanda ndipo kunsi kwake kuli mpata, ndiye mabowo aja amalowetsa mphepo kumaso nkukatulukira kuseri kuti mitandayo isawole. Anthu amawatseka ati kukuzizira, ena amathira konkire pakhomo mpaka kuwakwirira. Komanso cha pomwepo fufuzani kamzere kopyapyala ka sileti pakati pa njerwa, nyumba zambiri za pambuyo pa 1875 zili nako, ndi kotchinga chinyontho chochokera m'dothi, ndipo dothi kapena konkire ya panja iyenera kukhala pansi pake ndi masentimita 15. Ngati kakwiririka, gwero la chinyontho chanu mwalipeza kale musanalowe nkomwe.

Mkati, funso loyamba: chitseko chikukufikitsirani pabalaza penipeni kapena mu kakhonde ka mkati, kanjira kopita kuzipinda? Nyumba za antchito osauka zinalibe khonde, zipinda ziwiri pansi ziwiri pamwamba, masitepe otsetsereka pakati, basi. Zokhala ndi khonde zinali za opezako bwino, akalaliki a m'maofesi, akapitawo, amisiri. Ndipo apa pali chinthu chomwe chimandiseketsa, zokongoletsa zimatha pang'onopang'ono mukamalowa mkati. M'khonde muli matailosi amitundumitundu, pena a kampani ya Minton ya ku Stoke-on-Trent, pamwamba pali kakhomo kokhota kokhala ndi timitu ta pulasitala m'mbali. Chipinda cha kumaso chili ndi maluwa a pulasitala kuzungulira siling'i, duwa lalikulu pakati pomwe pankalendewera nyale ya gasi, malo a moto a mwala wosalala. Chipinda chimenechi sankakhalamo tsiku ndi tsiku, chinali cha alendo, cha Lamulungu, ndi chogonekamo maliro. Chachiwiri, komwe banja linkakhaladi, zokongoletsa nzochepa. Kukhitchini kulibe kalikonse. Pamwamba, chipinda cha kumaso chili ndi pang'ono, cha kuseri ziii. Ndiye mukapeza maluwa ambirimbiri m'chipinda cha kuseri, nkutheka kuti wina anaika chaposachedwa.

Siling'i yakale ndi timatabwa tating'ono tokhomedwa motalikirana pang'ono, pulasitala wa laimu wosakaniza ndi ubweya wa nyama nkumatidwa kuti alowe m'mipatamo agwire. Ikankheni pang'onopang'ono ndi dzanja, ikamasuntha ndiye kuti yalekana ndi timatabwa tija. Ikakhala ndi zokhakhala zija zomwe anthu ankakonda m'ma 1970, musaipale, mwina muli asibesitosi wa fumbi loononga mapapo, yemwe analetsedwa kotheratu mu 1999, pimitsani kaye. Penti wakale pa zitseko ndi masitepe amathanso kukhala ndi mtovu, ndiye osamangokwecha ndi sandipepala ana ali pomwepo. Paipi yobweretsa madzi kuchokera pamsewu muiyang'anenso pansi pa sinki, ikakhala yotuwa, yofewa, yowala mukaikanda, ndi ya mtovu.

Kenako werengani machumuni, ndipo apa musachite ulesi. Pafupifupi chipinda chilichonse chinali ndi moto wake wa malasha, ndiye khoma limatukuka pomwe padutsa chumuni, kuyambira pansi mpaka kudenga. Panja werengani timiphika ta pamwamba, kalikonse ndi moto umodzi. Mukapeza kuti pansi khoma ndi losalala koma chipinda cha pamwamba pake chotukukacho chilipo, kapena m'zipinda monse mulibe koma padenga chumuni ili chiimire, funsani kuti njerwa zonsezo zatsamira pa chani. Pali anthu anagumula pansi kuti chipinda chikule nkusiya mulu wa njerwa uli lende pamwamba pa mitu yawo. Pamafunika chitsulo chochirikiza ndi pepala la ku khansolo losonyeza kuti ntchitoyo inayenderedwa. Funso lomwelo pa zipinda ziwiri za pansi zomwe anazilumikiza kukhala chimodzi, khoma la pakati lija limanyamula za pamwamba. Ndipo ngati malo a moto anatsekedwa, pakhale kabowo ka mphepo, apo ayi mkati mwa chumuni mumachita thukuta, mwaye wakale nkuyamba kutulukira pa khoma ngati mabanga achikasu.

Mukapitirira mufika ku chigawo chopapatiza chotulukira kuseri, chomwe sichitenga m'lifupi monse mwa nyumba. Anachisiya chopapatiza dala kuti windo la chipinda chachiwiri lizilandira kuwala, nchifukwa chake m'mbali mwake muli kampata kopanda ntchito kaja. Mmenemu munali motsukira ndi mochapira, muli chimphika chachikulu chowiritsira zovala, kupitirira apo kosungira malasha, kenako chimbudzi chomwe chitseko chake chinali panja. Kanjira ka kuseri kaja kanali ka obweretsa malasha ndi anthu omwe ankabwera usiku kudzachotsa za m'zimbudzi mapaipi asanafike. M'nyumba zambiri bafa munalibe, amasambira m'beseni lachitsulo pafupi ndi moto. Ndiye musadabwe kupeza bafa ili pansi kuseri kwa khitchini, moti kuchoka kuchipinda usiku mpaka mudutse pa mbaula, anangoiika pomwe panali mapaipi kale. Chigawo chimenechi ndi chomwe chimazizira kwambiri m'nyumba monse, pena khoma lake ndi la njerwa imodzi yokha, ndipo nkhungu imayambira kumeneku.

Nkhani ya chinyontho ndiibwerezenso chifukwa ndi pomwe anthu amaluza ndalama. Mukaona khoma lanyowa, pamabwera munthu ndi kamakina kolira, kugunditsa pakhoma, kakulira, iye nkunena kuti madzi akukwera kuchokera pansi, tibowole tithire mankhwala timate pulasitala watsopano. Musavomere msanga. Tulukani tsiku lomwe mvula ikugwa mukayang'ane ngalande za padenga ndi mapaipi otsitsa madzi, nthawi zambiri mupeza madzi akuyenderera pakhoma. Onani dothi la panja ngati lakwera, onani mabowo a mphepo aja, onani simenti, onani ngati mukuyanika zovala m'nyumba mawindo ali chitsekere. Nyumbayi kale inali ndi moto woyaka tsiku lonse wokoka mpweya kudzera m'chumuni, lero taitseka ponseponse nkumaphikiramo ndi kusambiramo madzi otentha, nanga nthunziyo ipite kuti? Konzani zimenezi kaye, mudikire miyezi ingapo chifukwa khoma lokhuthala siliuma msanga, ndipo ngati pafunika katswiri pezani woti sakugulitsa mankhwala.

Si midadada yonse yomwe ili momwe ndafotokozeramu. Ku Leeds mupeza zogundizana ndi kumbuyo komwe, makoma atatu ogawana ndi aneba, chitseko ndi mawindo kumaso kokha, zinaletsedwa mu 1909 koma kumeneko anapitiriza kumanga mpaka m'ma 1930. Ku Birmingham zotsala za mtundu umenewu akuzisamalira a National Trust, bungwe losunga malo akale, ndipo anthu amakaziona. Ku Newcastle mukaona zitseko ziwiri zoyandikana pa nyumba yooneka ngati imodzi, ndi mafulati awiri, wina pansi wina pamwamba, aliyense khomo lake. Ndipo mukaona mdadada wotakasuka, kakhonde ka matabwa opentedwa zoyera kumaso, timagalasi tating'ono pamwamba pa windo koma pansi galasi limodzi, mwina mwadutsa kale 1901, ndi za nthawi ya Mfumu Edward, amene analowa m'malo mwa Victoria.

Pomaliza kwerani m'denga ndi tochi. Yang'anani ngati kuwala kukulowa, ngati matabwa ali onyowa pafupi ndi chumuni, komanso ngati khoma la pakati pa inu ndi aneba lafika mpaka pamwamba, chifukwa m'midadada ina omanga anasunga njerwa, m'denga ndi mtunda umodzi kuyambira nyumba yoyamba mpaka yomaliza, moto ukabuka kwa wina umayenda momasuka. Ngati mukugula, lipirani saveya wa RICS, bungwe la masaveya ovomerezeka, achite kafukufuku wamkulu wa nyumba wotchedwa Level 3, wotchipa sakwanira pa nyumba ya zaka zimenezi. Ngati mukufuna kumanga chipinda m'denga kapena kutseka kampata ka m'mbali kaja kuti khitchini ikule, ku England ndi Wales kuli lamulo la 1996 la makoma ogawana, muyenera kuwalembera aneba miyezi iwiri musanakhudze khomalo, ndi mwezi umodzi musanakumbe maziko pafupi ndi nyumba yawo, ndipo nkwabwino kukawauza pakamwa kaye kalata isanafike. Ku England chipinda cha m'denga pa nyumba ya mdadada chimaloledwa mpaka makiyubiki mita 40 popanda kupempha chilolezo cha pulani, koma izi sizigwira ngati ndi fulati, ngati nyumbayo ili m'dera lotetezedwa, kapena ngati khansolo inachotsa ufulu umenewu pa msewu wanu, ndipo ikakhala pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndiye ngakhale kusintha windo kumafuna chilolezo. Imbirani khansolo musanaitane mmisiri.